Uthenga ukuwonongeka pa chilembo cha 17: kodi chaos ingateteze pampu ya malume anga?

Tadala wa Pampu:

Moni nonse. Ndine mtsikana wa chaka chomaliza m'maphunziro a zamagetsi, ndipo pulojekiti yanga yandiimitsa mutu kwa masabata atatu tsopano. Ndifotokoza zonse mwatsatanetsatane kuti amene akudziwa asavutike kundifunsanso.

Malume anga ali ndi dimba la tomato ndi anyezi kudambo, pafupifupi makilomita anayi kuchoka kunyumba. Chaka chatha anagula pampu ya sola, koma kuti aiyatse kapena kuizimitsa amapalasa njinga mpaka komweko, tsiku lina kawiri, ndipo mawondo awo sakulolanso. Ndiye ndinawapangira kabokosi: kakompyuta kakang'ono ka Arduino Uno, SIM800L yolandira SMS, ndi relay yoyatsa pampu. Ukatumiza uthenga, pampu iyaka kwa mphindi zimene wanena. Mbali imeneyo ikuyenda bwino, ndayesa kambirimbiri ndi babu m'chipinda mwanga.

Chimene chinandidetsa nkhawa n'choti aliyense wodziwa nambala ya simu ija akhoza kulamula pampu. Kudamboko mu Okutobala madzi amachepa, anthu amayang'anizana ndi diso lofiira, ndipo sindikufuna kuti wina azizimitsira malume pampu kapena kuisiya ikuyenda chitsime chitauma. Aphunzitsi oyang'anira pulojekiti yanga anati ndiyese kubisa uthenga pogwiritsa ntchito chaos, masamu a zinthu zooneka ngati chipwirikiti koma zotsata lamulo, popeza Arduino ndi yaing'ono ndipo masamu ake ndi opepuka. Ndinatenga logistic map, ija yoti x yotsatira = r × x × (1 − x). Kiyi yanga ndi manambala awiri, r = 3.99 ndi x yoyambira, mwachitsanzo 0.3. X iliyonse ndimaichulukitsa ndi 256, n'kutaya za kumanja kwa kadontho, ndipo nambala yotsalayo ndimaiphatikiza ndi chilembo chimodzi cha uthenga mwa XOR, njira yosakaniza manambala awiri imene ukaibwereza ndi nambala yomweyo chilembo chija chimabwerera. Kunena zoona ndinakopeka nazo kwambiri. Mzere umodzi wokha wa masamu, koma ukasintha 0.3 kukhala 0.3000001, pakangopita masitepe makumi awiri ndi mphambu zochepa manambala sakufanananso n'komwe.

Ndikatseka uthenga pa laputopu ndi Python n'kuutsegulanso pa laputopu pomwepo, zonse zimatuluka bwino. Koma ndikautumiza ku Arduino, uthenga woti DIMBA1;PAMPU=YATSA;MPHINDI=045 umatuluka DIMBA1;PAMPU=YAT kenako zinyalala zokhazokha. Ndikasintha x yoyambira, nthawi zina zilembo zabwino zimakhala 15, nthawi zina 18, koma sizipitirira apo. Ndasintha mawaya, ndasintha batire, ndalembanso code kawiri.

Mafunso anga ndi awiri. Chikuwononga uthengawu n'chiyani? Ndipo ndikakonza zimenezi, kodi njirayi ndi yodalirika kuti ndikaimange kudimba?

Gogo Masamu:

Mwana wanga Tadala, siya mawayawo, alibe mlandu. Ndinaphunzitsa masamu ku sekondale zaka zambiri, ndipo funso lako landidzutsa m'mawa uno kuti ndigwire pensulo.

Chimene chakuchitikira chinachitikiranso Edward Lorenz ku yunivesite ya MIT ku America mu 1961. Iye ankayesa kulosera nyengo pa kompyuta yotchedwa LGP-30. Tsiku lina anafuna kubwereza ntchito imene anaipanga kale, ndipo m'malo moyambira pachiyambi analowetsa nambala imene anaiona pa pepala losindikizidwa, 0.506. Koma m'kati mwa kompyuta nambalayo inali 0.506127. Atabwerako kokamwa khofi anapeza kuti nyengo yatsopanoyo yapatukiratu ndi yakale. Naye poyamba anakayikira makina. Zimene anapeza anazilemba mu 1963, ndipo mpamene maphunziro a chaos anakhazikika. Logistic map yakoyo anaitchukitsa ndi Robert May mu 1976, pofotokoza mmene chiwerengero cha zamoyo chimakwerera ndi kutsika chaka ndi chaka.

Tsopano tione makina ako awiri. Python imasunga nambala ya kadontho mu ma bit 64 (bit ndi malo amodzi osunga 0 kapena 1), ndipo manambala odalirika amakhala 15 kapena 16. Arduino Uno, ngakhale utalemba double, imaisunga mu ma bit 32 basi, ndipo odalirika amakhala 6 kapena 7. Komanso 0.3 singalembedwe ndendende mu binary, monga mmene gawo limodzi mwa magawo atatu silithera ukalilemba 0.3333. Choncho makina aliwonse amadulira pamene malo awathera. Laputopu ikuyambira pa 0.3 wina, Arduino pa 0.3 winanso, ndipo akusiyana cha pa nambala yachisanu ndi chitatu.

Pa r woyandikira 4, kusiyana kumeneko kumawirikiza pafupifupi kawiri pa sitepe iliyonse. Kunena kwina, sitepe iliyonse imadya bit imodzi ya zimene makinawo akugwirizana. Arduino ili ndi ma bit 24 osungira nambala yeniyeniyo. Iwe umafuna ma bit 8 apamwamba kuti upange nambala yochokera pa 0 mpaka 255. Chotsa 8 pa 24. Yankho ndi 16, ndipo ndi pomwe uthenga wako ukuthera. Nditaona kuti DIMBA1;PAMPU=YAT ndi zilembo 16 ndendende, ndinasangalala ngati mwana.

Usaganize kuti laputopu yapulumuka. Yesa izi: lemba r*x*(1-x) pa mzere umodzi, r*x - r*x*x pa mzere wina. Pa bolodi ndi chinthu chimodzi. Pa kompyuta kudulira kwake n'kosiyana, ndipo masitepe akamakwana 60 udzaona mizere iwiriyo ili kutali ngati kum'mawa ndi kumadzulo.

Mankhwala ake ndi kuchititsa mbali zonse ziwiri kudulira mofanana, kapena kusiya manambala a kadontho n'kugwiritsa ntchito manambala athunthu. Koma ndikuchenjeze pa zinthu ziwiri. Chaos ya m'mabuku imayenda pa manambala opanda malire. Makina ako ali ndi manambala owerengeka, ndiye tsiku lina x idzaponda pamene inapondapo kale, ndipo kuchokera apo izingozungulira njira yomweyo. Pa ma bit 32 kuzungulirako kumabwera msanga kuposa mmene ungaganizire. Chachiwiri, si r aliyense amene amabala chipwirikiti. Chimayamba cha pa 3.57, koma ngakhale kupitirira apo pali mipata ya bata. Ika r = 3.83 uone, x izingodumpha pa manambala atatu okha. Ika r = 4 ndi x = 0.5, upeza 1, kenako 0 mpaka kalekale. Munthu wosankha kiyi mwachisawawa akhoza kugwera m'dzenje lotere osadziwa.

Funso lako lachiwiri ndisiyira odziwa za chitetezo.

Kondwani ku Joni:

Achemwali, Agogo ayankha loyamba moti palibe chowonjezera. Ine ndimagwira ntchito yoyesa chitetezo cha makina olipirira ndalama kuno ku Johannesburg, ndipo lachiwirilo ndiyankha mosapsatira: musakaimange kudimba. Sindikunena izi pokunyozani. Kabokosi kanuko ndi ntchito yabwino, ndipo malume akufunikadi. Koma loko amene mwaikapo ndikhoza kumutsegula ndisanadziwe n'komwe kuti r ndi chiyani.

Tiyerekeze kuti ndine mnansi wa kudambo, ndabwereka foni ya malume kuti ndiimbire mwana wanga, ndipo ndaona uthenga umodzi wotsekedwa m'mauthenga otumizidwa. Ndaukopera.

Chinthu chophweka kwambiri, ndingoutumizanso mawa mmene ulili. Arduino yanu iutsegula, iona kuti ndi lamulo labwino, iyatsa pampu. Sindinathyole kalikonse. Bokosi lanu silidziwa kusiyanitsa uthenga watsopano ndi wakale.

Ndikafuna kupitirira apo, ndikudziwa kuti nthawi zonse mumayambira pa x yemweyo, ndiye manambala amene mumaphatikiza ndi zilembo ndi omwewo pa uthenga uliwonse. Mawu a lamulolo si chinsinsi, adzalembedwa mu lipoti lanu, mwinanso malume adzawanena pocheza. Ndikatenga uthenga wotsekedwa n'kuuchita XOR ndi mawu amene ndikuwadziwa, chotsala ndi manambala anu aja onse 30. Nawo ndilemba lamulo lililonse limene ndikufuna.

Ndipo pali ina imene imandiopsa kwambiri pa pampu. Ngakhale mutamasintha x pa uthenga uliwonse, XOR payokha siletsa munthu kusintha uthenga ali kunja. Mu ASCII, mndandanda wopatsa chilembo chilichonse nambala yake, chilembo 0 ndi 48, chilembo 9 ndi 57, ndipo XOR ya awiriwa ndi 9. Ndikapeza malo a 0 wa mu MPHINDI=045 n'kuchita XOR ndi 9 pa uthenga wotsekedwawo, Arduino idzawerenga 945. Amenewo ndi maola 15 ndi mphindi 45. Pampu idzayenda tsiku lonse mpaka dzuwa kulowa, chitsime chidzauma, ndipo mota yopopa mpweya sichedwa kupsa.

Mukufuna kuona r wanu ali poyera? Tengani manambala amene mumapanga aja, jambulani girafu ya nambala iliyonse poyerekeza ndi yotsatira yake. Pa manambala osalosereka enieni mudzaona timadontho tamwazikana ponseponse. Pa anuwo mudzaona phiri limodzi losalala, parabola, ndipo msinkhu wa phirilo ndi r kugawa ndi 4. Munthu akadziwa ma x awiri otsatizana, monga 0.3 ndi 0.8379, angogawa 0.8379 ndi 0.21 n'kupeza 3.99.

Simuli nokha pa njira imeneyi, ndipo ndikumvetsa chimene chimakopa anthu. Claude Shannon mu 1949 analemba kuti njira yabwino yobisira uthenga iyenera kusakaniza zinthu monga mmene amakandira ufa wa buledi, kuutambasula, kuupinda, kuutambasulanso. Chaos imachitanso chimodzimodzi, kutambasula ndi kupinda. Ndiye kuyambira 1989, pamene Robert Matthews anasindikiza njira yake m'magazini ya Cryptologia, anthu akhala akuyesa. Mu 1991 Habutsu ndi anzake a ku Japan anabweretsa njira yogwiritsa ntchito tent map ku msonkhano wa Eurocrypt, ndipo Eli Biham anaonetsa mmene ingathyoledwere pa msonkhano womwewo. Ya Baptista ya mu 1998, yomwe inamangidwa pa logistic map ngati yanuyi, nayonso anthu anaipeza ming'alu. Pofika 2006 Gonzalo Alvarez ndi Shujun Li anachita kulemba mndandanda wa zofunika kuti njira za chaos zizikwaniritsa, chifukwa zolakwika zomwezo zinkangobwerezedwa. Mpaka lero mapepala obisa zithunzi ndi chaos amatuluka ambirimbiri, ndipo ambiri umboni wawo ndi histogram yosalala ndi mayeso a manambala osalosereka a NIST, bungwe la miyezo la boma la America. Mayeso amenewo amangokuuzani kuti maso sakuona dongosolo. Sakuuzani kuti munthu wodziwa code yanu alephera.

Ndipo mdani muzimuwerengera kuti code akuidziwa. Lamulo limeneli ndi la Auguste Kerckhoffs, la mu 1883: chinsinsi chikhale kiyi yokha. AES, njira yobisira uthenga yogwiritsidwa ntchito padziko lonse, inadutsa m'moto umenewo. NIST inalengeza mpikisano mu 1997, njira 15 zinalowa, akatswiri a dziko lonse anazimenya poyera kwa zaka ziwiri, ndipo mu 2000 inapambana Rijndael ya Joan Daemen ndi Vincent Rijmen a ku Belgium, yomwe inadzakhala AES. Sinthani bit imodzi ya uthenga mu AES, pafupifupi theka la ma bit otuluka lisintha. Ndi khalidwe lomwe lija linakukopani mu logistic map, koma likuchitika pa manambala athunthu, ndipo laputopu ndi Arduino sizingatsutsane ngakhale pa bit imodzi.

Zoti Uno ndi yaing'ono kwa njira zimenezi si zoona. ATmega328P, chip ya m'kati mwa Uno, ili ndi 2 KB ya RAM ndi 32 KB ya flash, ndipo AES, ChaCha20 ndi SHA-256 zimayenda pamenepo. Library ya Crypto ya Rhys Weatherley ili nazo zonse. Palinso Ascon, imene NIST inasankha mu 2023 makamaka chifukwa cha tizipangizo ting'onoting'ono ngati kanuka.

Koma taganizani kaye chimene mukufuna. Kodi pali vuto mnansi akadziwa kuti malume ayatsa pampu? Amaimva ikulira. Chofunika kwa inu n'choti bokosi lizitsimikiza kuti lamulo lachokeradi kwa malume, silinasinthidwe, ndipo ndi latsopano. Ndiye siyani uthenga poyera, onjezerani nambala yokwera ndi 1 pa uthenga uliwonse, kenako muike chidindo cha HMAC-SHA256 chowerengedwa pa zonsezo ndi kiyi ya ma byte 32, chimene wosadziwa kiyiyo sangachipange. Dulani chidindocho pa ma byte 16, amene mu hex ndi zilembo 32, ndipo zonse zikwana mu SMS imodzi ya zilembo 160. Muikenso malire mu code kuti pampu isapitirire mphindi zimene malume anena, lamulo litanena zotani.

NaBanda wa Labu:

A Kondwani, pa pampu ndikugwirizana nanu kotheratu, ndipo Tadala achite zimene mwanenazo. Koma mtima wanga sukulola kuti mtsikanayu achoke pano akuganiza kuti chaos ndi nthano chabe. Ine ndinachita fiziki, ndipo ndinathera miyezi yambiri pa oscilloscope ndikuyang'ana ma circuit otere. Nkhani ya chaos ndi mauthenga achinsinsi ili ndi nthambi ina imene sinayambire pa kompyuta.

Mu 1990 Louis Pecora ndi Thomas Carroll a ku Naval Research Laboratory ku Washington anaonetsa chinthu chimene ambiri ankachiyesa chosatheka. Agogo afotokoza kuti makina awiri a chaos akasiyana pang'ono poyambira amapatukana. Awiriwa anapeza kuti ukatenga signal imodzi ya makina oyamba n'kuidyetsa achiwiri omangidwa mofanana, achiwiriwo amasiya njira yawo n'kuyamba kutsata oyamba phazi ndi phazi. Tadala, ona kusiyana kwake ndi zako. Laputopu yako ndi Arduino zimagwirizana kamodzi kokha poyambira, kenako chilichonse chiyenda chokha. Mwa Pecora ndi Carroll, wolandira amakokedwa ndi wotumiza nthawi zonse, ndiye kusiyana kumachepa m'malo mokula.

Mu 1993 Kevin Cuomo ndi Alan Oppenheim ku MIT anamanga circuit yotsata masamu a Lorenz, n'kuthira mawu a munthu motsika kwambiri pamwamba pa phokoso la chaos. Womvera pakati ankangomva phokoso. Wolandira, poti circuit yake imatsata chaos yokhayo, ankapanganso phokosolo payekha, n'kulichotsa, mawu n'kutsala. Ndi ntchito yokongola kwambiri, ndipo mpaka lero ndikaiganiza ndimachita nayo chidwi.

Sindibisa kuti nayonso inagwa. Mu 1994 Kevin Short wa ku University of New Hampshire anaonetsa kuti chaos ya ma circuit ang'onoang'ono imaloseredwa kwa kanthawi kochepa, ndipo kanthawi komweko n'kokwanira kuichotsa n'kupeza uthenga. Mu 1995 Pérez ndi Cerdeira anachita zofanana pojambula nsonga iliyonse ya signal poyerekeza ndi yotsatira, njira yomwe ija a Kondwani akuuza ya parabola. Chaos ili ndi maonekedwe ake, ndipo amene wawaona wapeza polowera.

Anthu a ma laser anapitiriza. Laser ya semiconductor ukaibwezera pang'ono kuwala kwake komwe, imalowa m'chipwirikiti chothamanga kwambiri, mabiliyoni a kusintha pa sekondi. Mu 2005 gulu lotsogozedwa ndi Apostolos Argyris linasindikiza mu Nature kuti linatumiza uthenga wobisidwa mu chaos pa chingwe cha fibre cha makilomita 120 mumzinda wa Athens, chingwe chenicheni cha kampani ya matelefoni, pa liwiro la ma gigabit pa sekondi. Zoterezi ubwino wake n'kukhala chotchinga chowonjezera pa waya penipenipo, pansi pa encryption ya masiku onse. Sizilowa m'malo mwake.

Pamene ine ndimaona kuti chaos ikugwira ntchito yeniyeni ndi pobala manambala osalosereka. A Kondwani akuti kiyi ya ma byte 32. Ichokera kuti? Kompyuta payokha singapeke nambala, imangotsata malamulo. Mu 2008 zinadziwika kuti kusintha kwa mizere iwiri mu OpenSSL, pulogalamu yopanga makiyi pa makompyuta a Debian Linux, komwe kunachitika mu 2006, kunachititsa kuti makiyi otheka a mtundu uliwonse akhale pafupifupi 32,767 okha. Masamu a encryption anali bwinobwino, koma mbewu yake inali yoola. Chaka chomwecho cha 2008 Atsushi Uchida ndi anzake ku Japan anapanga ma bit osalosereka 1.7 biliyoni pa sekondi kuchokera ku ma laser awiri a chaos. Kampani ya Cloudflare ili ndi khoma la nyali za lava pafupifupi 100 ku San Francisco, ndi ma pendulum a mfundo ziwiri ku ofesi ya ku London, ndipo kamera imajambula kayendedwe kake kuti kathandize kudyetsa makina awo opanga makiyi.

N'chifukwa chiyani apa zikutheka pamene pa logistic map zikukanika? Pa kompyuta, khalidwe lokulitsa kusiyana kwakung'ono likukulitsa zolakwika za kudulira, zimene mdani akhoza kuzibwereza pa kompyuta yake. Pa circuit yeniyeni likukulitsa phokoso la ma electron mu resistor, limene palibe munthu angalibwereze, ngakhale mwini circuit.

Ndiye Tadala, ngati aphunzitsi ako akufuna chaos mu pulojekiti, manga circuit ya Chua, circuit yosavuta yobala chaos. Leon Chua anaipeka mu 1983, ndipo Michael Peter Kennedy mu 1992 anaonetsa mmene ingamangidwire ndi ma op-amp awiri a mu TL082 imodzi, ma resistor ochepa, ma capacitor a 10 nF ndi 100 nF, inductor ya 18 mH, ndi potentiometer ya 2 kΩ. Imakwana pa breadboard. Uziwerenga voteji yake ndi Arduino, utolere zowerenga zambirimbiri, uzidutsitse mu SHA-256, ndipo chotulukacho chikhale kiyi yako. Usagwiritse ntchito zowerengazo zosaphika, chifukwa zotsatizana zimafanana.

Tadala wa Pampu:

Zikomo kwambiri nonse, ndakhala chete masiku anayi chifukwa ndimafuna ndiyese kaye ndisanayankhe.

Agogo, zinali ndendende mmene munanenera. Mu Python ndinasintha manambala onse kukhala numpy.float32 ndi kulemba masamuwo m'dongosolo lofanana ndi la pa Arduino, ndipo uthenga wonse unatuluka bwino koyamba. Ndinayesanso mizere iwiri ija pa laputopu, inapatukana masitepe asanakwane 70. Ndinaikanso r = 3.83 ndipo ndinangokhala duu kuyang'ana manambala atatu akubwerezabwereza.

Chisangalalo changa sichinakhalitse. Achimwene a Kondwani, ndinapatsa mnzanga wa m'kalasi code yanga ndi uthenga umodzi wotsekedwa, kiyi osamupatsa. Ndinangomuwerengera zimene munalemba za XOR. Tisanamalize kudya chamasana, babu la m'chipinda mwanga linayaka ndi lamulo lochokera pa foni yake, la mphindi 945. Zinandiwawa, chifukwa ndinali nditauza kale malume kuti bokosi lawo palibe angaliseweretse, ndipo iwo anali atauza anzawo kudambo. Ndikanakaimanga mmene inalili, pampu imene anaigula ndi ndalama za tomato wa nyengo ziwiri ikanakhala m'manja mwa aliyense wobwereka foni. Girafu ija ndinaijambulanso. Phirilo likuoneka bwinobwino moti simufunika kuchita kuloza.

HMAC ikuyenda tsopano pa Uno, ndipo RAM yatsalako. Pa aphunzitsi ndinali ndi mantha, popeza maganizo a chaos anali awo. Ndinapita ndi laputopu n'kuwaonetsa parabola ndi uthenga wa 945, osanena zambiri. Anayang'ana nthawi yaitali, kenako anati chaputala chachitatu chikhale njira ya logistic map ndi mmene ndinaithyolera, chachinayi chikhale HMAC, ndipo circuit ya Chua ndiyese ngati nthawi ilola. Ndatsala ndi masabata asanu ndi awiri.

Mafunso awiri atsopano. Nambala yokwera ija, bokosi likazima usiku batire itatha, siiwalika? Ndipo a NaBanda, inductor ya 18 mH ndayenda m'mashopu onse a zamagetsi amene ndikuwadziwa, palibe. Ndingatani?

Kondwani ku Joni:

Mwachita bwino kumupatsa mnzanuyo, ndipo HMAC yanunso mumupatse aiyese.

Nambalayo muisunge mu EEPROM, malo osungira a m'kati mwa Arduino, siifufutika magetsi akazima. Lamulo likafika, yambani mwatsimikiza chidindo, kenako onani ngati nambala yake ikuposa yosungidwa. Ikaposa, lembani yatsopanoyo mu EEPROM musanayatse relay, kuti magetsi akathima pakati uthenga womwewo usadzalandiridwenso. Musakakamize kuti ikhale yoposa ndi 1 ndendende, chifukwa SMS zina zimasochera ndipo bokosi lingakane malume mpaka kalekale. Malo amodzi a EEPROM ya ATmega328P amapirira kulembedwa maulendo 100,000. Pa malamulo anayi pa tsiku ndi zaka zoposa 60.

Poyerekeza chidindo musagwiritse ntchito strcmp, imene imaima pa chilembo choyamba cholakwika. Yendani ma byte onse 16 nthawi zonse. Ndipo ganizirani za foni ya malume, chifukwa kiyi ikhala mmenemo. Pulogalamu yotumizira lamulo izifunsa PIN.

NaBanda wa Labu:

Inductor isakugonetse ndi njala. Pali njira ziwiri. Ukhoza kulumikiza ang'onoang'ono motsatizana mpaka akwane pafupifupi 18 mH, koma uyeze resistance yawo yonse ndi multimeter, chifukwa ikakwera kwambiri chaos siibwera. Njira imene ine ndimakonda ndi gyrator: TL082 yachiwiri, ma resistor anayi ndi capacitor imodzi zimachita ngati inductor, ndipo mu circuit ya Chua zimatheka chifukwa mwendo umodzi wa inductor uli pa ground. Uipatse mabatire awiri a 9V, lina la mbali ya plus, lina la minus, ndipo akhale atsopano onse, chifukwa limodzi likafooka chithunzi chimapendekeka.

Ku labu pempha oscilloscope, uiike pa XY, probe imodzi pa capacitor iliyonse. Yamba potentiometer ili pa 2 kΩ, uzitsitsa pang'onopang'ono. Uona kadontho, kenako mkombero umodzi, kenako mkomberowo ugawika pawiri, panayi, ndipo ukatsika ndithu pansi pa 1.9 kΩ mzere uyamba kulumpha pakati pa mikombero iwiri ngati maso a kadzidzi. Ukapitiriza kutsitsa udzagwera mu mkombero umodzi waukulu wosasintha, pamenepo ubwerere. Usalumikize circuit imeneyi ku pini ya Arduino mwachindunji, voteji yake imatsika pansi pa ziro ndipo pini imalola 0 mpaka 5V basi. Ika op-amp ya buffer, kenako ma resistor ochepetsa signal ndi kuikweza kuti pakati pake pakhale 2.5V. Ukaona mikombero iwiri ija utijambulire.